Ichi the Killer: filimu imodzi, makope atatu, ndi yankho langa kwa komiti

Mwandipatsa mphindi zochepa, koma nkhani imene munandituma ndi yotalikirapo, ndiye mundipirire. Ndailemba papepala kuti ndisasochere, komanso kuti amene sanabwere lero adzaipeze m'kalata yathu ya mwezi uno.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Tinagwirizana kuti kumapeto kwa mwezi tichite usiku wa filimu mu holo muno, tilipiritse pakhomo, ndalama zake tigulire mpira ndi yunifomu ya timu ya atsikana. Pofunsana kuti tionetse filimu yanji, mnzathu wina anatchula Ichi the Killer. Anati imeneyi ndiye idzadzaza holo, chifukwa mafana ambiri amangoimva mbiri koma sanaionere. Msungichuma wathu anakana pomwepo, anati anamva kuti ndi yankhanza zosaneneka. Mnzathu uja anayankha kuti, "Musadandaule, ine ndili ndi yodula, zoopsa zonse anachotsamo." Kenako anyamata awiri anayamba kukangana za malo ena a m'filimumo, wina akuti amaonetsa, wina akuti saonetsa, mpaka kutsala pang'ono kutchulana abodza. A tcheyamani pothetsa phokoso anati, poti ine ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikungodikira za koleji, nthawi ndili nayo, ndikafufuze.

Ndafufuza. Ndaonera filimuyi katatu, m'makope atatu osiyana, ndili ndi wotchi ndi bolopeni. Ndikuuzeni kaye kuti anyamata awiri aja palibe ananama. Onse ananena zoona, kungoti sanaonere chinthu chimodzi.

Filimu yake ndi yotani

Kwa amene simukuidziwa, Ichi the Killer ndi filimu ya ku Japan ya chaka cha 2001. Kwawoko amaitcha Koroshiya Ichi. Anaikonza ndi Takashi Miike, bambo amene wapanga mafilimu oposa 100, ndipo anaitenga ku nkhani ya zithunzi zojambula pamanja, imene a ku Japan amati manga, yolembedwa ndi Hideo Yamamoto m'mabuku 10. Chosangalatsa n'chakuti amene anagwira kamera naye dzina lake ndi Hideo Yamamoto, koma ndi anthu awiri osiyana.

Nkhani imachitikira ku Shinjuku, mu mzinda wa Tokyo, pakati pa magulu a zigawenga otchedwa yakuza. Bwana wa gulu lina, dzina lake Anjo, wasowa, ndalama nazo zasowa. Womutsatira wake, Kakihara, akuyamba kumufunafuna, ndipo aliyense amene akumuganizira kuti akudziwapo kanthu akumuzunza. Kakiharayu ndi munthu wokonda ululu, kuupereka ngakhale kuulandira. Amene anapha Anjo ndi Ichi, mnyamata wamantha, wosachedwa kulira, amene amavala zakuda zolembedwa nambala 1 kumsana ndi nsapato zokhala ndi mipeni ku zidendene. Ichi sadzilamulira yekha. Pali mkulu wina, Jijii, dzina lotanthauza nkhalamba, amene anamudzaza m'mutu nkhani zabodza za mmene ankavutitsidwira kusukulu, kuti azimupsetsa mtima ndi kumutuma kukapha.

Munthu wa tsitsi loyezuka ndi masaya ong'ambika amene mumamuona pachikuto si Ichi, ndi Kakihara. Amasewera ndi Tadanobu Asano, yemwe uja munamuona ali Raiden mu Mortal Kombat ya 2021, komanso Hogun mu Thor. Ichi amasewera ndi Nao Omori. Kuno timati mwini filimu safa, ndipo tikalowa mu vidiyo sho timadziwa woti timuchemerere. Mu iyi mulibe woti umuchemerere. Itaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Toronto mu 2001, oonera anagawiridwa timatumba tosanziramo, mbali ina ngati nthabwala yotsatsira malonda, mbali ina ngati chenjezo. Ku Malaysia ndi ku Norway inaletsedwa. Yathunthu ndi ya mphindi pafupifupi 129. Nambala imeneyi muisunge, tiifuna posachedwa.

Kope loyamba: la pa memore khadi

Ili ndi limene mnzathu uja amati "yodula". Anakalibenetsa pamalo ena obenera mafilimu, ndipo layenda m'mafoni a ambiri a inu. Nditaliika pa laputopu, chinthu choyamba chimene ndinayang'ana ndi kutalika kwake. Silinafike maola awiri, linathera pa mphindi 110 ndi kanthu. Mawu omasulira a pansi ali m'mizere iwiri, Chitchaina pamwamba, Chingerezi pansi, ndipo ndi omatirira pachithunzi, sungawazimitse. Chapakati filimu imada kwa kanthawi n'kuyambiranso, ngati mmene zimakhalira chimbale choyamba chikatha, wina n'kulumikiza chachiwiri.

Zizindikiro zonsezi zikuloza ku Hong Kong, ndi ku VCD. Amene munakulira pa ma VCD mukudziwa kuti chimbale chimodzi chinkanyamula mphindi zosapitirira 80, n'chifukwa chake filimu inkabwera pa zimbale ziwiri. Ku Hong Kong kuli mlingo wa mafilimu a akuluakulu okhaokha, wotchedwa Category III, wa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Ichi the Killer kuti ilowe ngakhale mu mlingo umenewo inadulidwa mphindi zoposa 15. Tangoganizani, kota ya ola yathunthu.

Chithunzi chake n'chomvetsa chisoni. Kuchokera kumanzere kufika kumanja, VCD imakhala ndi timadontho 352, DVD 720, Blu-ray 1920. Ndiye wina anatenga 352 yomweyo n'kuifinyanso kuti ikwane mu foni. Malo a usiku, amene ndi ambiri m'filimuyi, amangooneka ngati matope. Nkhope zikatalikira pang'ono sizidziwika. Pa foni zimabisika, koma tikanati tiponye pakhoma ili ndi pulojekita, anthu akanafuna ndalama zawo.

Za mkangano uja tsopano. Mwambo wa a yakuza ndi wakuti munthu akalakwira akuluakulu amadula kachidutswa ka chala chaching'ono popepesa. Kakihara atazunza munthu wa gulu lina, Suzuki, popanda umboni, akuuzidwa kuti apepese, ndipo iye m'malo mwa chala akudula nsonga ya lilime lake. M'kope ili mumaona akutenga mpeni, kenako chithunzi chimalumpha, nyimbo nayo imadukiza, basi mukuona nkhope za anthu odabwa. Amene anati saonetsa anaonera ili. Kulumpha kotereku kuli malo ambirimbiri, moti nthawi zina munthu amene anali moyo mphindi yapitayo mumangomva kuti anafa.

Kope lachiwiri: DVD ya ku Britain

Ili ndinabwereka kwa amalume anga amene anakhalako ku Britain, anabwera ndi katoni ya zimbale. Pachikuto pali chizindikiro chofiira cha 18. Ku Britain filimu siigulitsidwa pa chimbale isanadutse ku bungwe lotchedwa BBFC, ndipo bungweli linakana kuipatsa ngakhale 18 ili yathunthu. Linalamula kuti achotsemo mphindi 3 ndi masekondi 15.

Apa ndi pamene ndinasokonezeka. Nditaika chimbale, nthawi inaonetsa mphindi pafupifupi 120. Kuchotsera pa 129 zikutsala 9. Ndinati, nanga akuti anadula 3, zina 6 zapita kuti? Ndinaganiza kuti chimbale n'chokalika, chikulumpha. Yankho lake ndi masamu a ku pulayimale. Filimu ya ku kanema imayenda zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Ma TV a ku Ulaya, ngati athu kuno, amatsata dongosolo lotchedwa PAL, la zithunzi 25 pa sekondi. Poika filimu pa DVD ya PAL amangoithamangitsa pang'ono kuti 24 ikhale 25. Tengani 129, chulukitsani ndi 24, gawani ndi 25, mupeza pafupifupi 124. Mphindi 5 zapita popanda lumo kukhudzapo. Chotsaninso 3 za a BBFC zija, mwafika pa 120 ndi kanthu. DVD ya ku America ndi ya ku Japan, za dongosolo la NTSC, sizifupikitsa chonchi.

Choncho nambala ya pachikuto payokha isakupusitseni. DVD ya ku Ulaya yolembedwa mphindi 124 ikhoza kukhala yathunthu, ina ya ku America yolembedwa 124 yomweyo ili yodula. Muyenera kudziwa kaye kumene chimbale chachokera.

Chithunzi cha DVD iyi n'chabwino ndithu poyerekeza ndi kope loyamba lija. Nkhope zikuoneka, mawu a pansi ndi Chingerezi chomveka, ungawayatse kapena kuwazimitsa. Ndinazindikiranso chinthu chimene m'kope loyamba sindinachimve bwino chifukwa cha kufooka kwa mawu: mayi wina wa m'filimumo, Karen, amene amasewera ndi Paulyn Sun wa ku Singapore, amalankhula mosakaniza Chijapani, Chingerezi ndi Chikantoni cha ku Hong Kong, ngati mmene ife timasakanizira Chichewa ndi Chingerezi.

Koma chofunika kwambiri ndi ichi: a BBFC anadula chiyani? Lilime lija lilipo lonse. Amene anati amaonetsa sananame. Suzuki atapachikidwa ndi ngowe pakhungu la kumsana, akumuthira mafuta otentha, zilipo. Munthu kung'ambidwa pakati kuyambira kumutu, zilipo. Zimene anachotsa ndi malo amene akazi akumenyedwa, kugwiriridwa ndi kuvulazidwa m'njira yosakaniza nkhanza ndi chilakolako. Kwa iwo magazi pakati pa zigawenga munthu wamkulu akhoza kusankha yekha kuonera, koma nkhanza zogonana zoonetsedwa ngati zokoma ndi zimene anaziona kuti zingaononge oonera. Ndiye mawu akuti "yodula" ali ndi matanthauzo awiri kale: ku Hong Kong lumo linadutsa ponseponse, ku Britain linasankha mtundu umodzi wa nkhanza.

Kope lachitatu: Blu-ray ya ku America ya 2018

Ili ndinakaonera kwa mnzathu wina amene achimwene ake ali ku America anamutumizira zimbale pamodzi ndi PlayStation 4 yogulidwa komweko. Ku America filimuyi inatuluka koyamba pa DVD ndi kampani ya Media Blasters, pansi pa dzina la Tokyo Shock, m'mitundu iwiri: yathunthu yopanda mlingo, imene amailemba kuti Unrated, ndi ina yodulidwa kuti ipeze mlingo wa R. Zikuto zake n'zofanana ndithu, munthu wosayang'anitsitsa akhoza kutenga imene samafuna. Kenako mu 2017 filimuyi inakonzedwanso kuchokera pa filimu yakale ija, anaijambulanso mu kompyuta pa mlingo wa 4K, n'kuiyeretsa ndi kukonza mitundu, Miike mwini wake n'kuvomereza. Kampani ya Well Go USA ndiyo inaitulutsa pa Blu-ray mu 2018.

Chenjezo laling'ono pamenepa. Mawu akuti 4K pachikuto cha Blu-ray wamba amanena za mmene anakonzera, chimbalecho chimatulutsabe timadontho 1920 mopingasa ndi 1080 chotsika. Wina asadzakugulitseni modula ndi mawu amenewo.

Iyi ndi yathunthu, yoyenda pa liwiro lake lenileni. Palibe kulumpha, nyimbo siidukiza, nkhani imamveka kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Mulinso njira ina ya mawu momwe Miike ndi Yamamoto wa manga uja akucheza za filimuyi pamene ikuyenda. Masuti a Kakihara owala ngati a woimba, magetsi a m'misewu ya Shinjuku usiku, zonse zikuoneka. Koma musayembekezere kusalala kwa mafilimu a Marvel. Filimuyi inapangidwa ndi ndalama zochepa, chithunzi chake n'chokhakhala mwachibadwa, ndipo kukonza sikuchotsa zimenezo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti chithunzi chowala chimaulula zinsinsi. Munthu wong'ambidwa pakati uja, pa memore khadi amaoneka ngati zenizeni chifukwa suona bwino, mutu wako umamalizitsa wokha. Pa Blu-ray umaoneratu kuti ndi za pa kompyuta za mu 2001, ngati katuni, moti mnzanga anaseka. Magazi otuluka ngati paipi yaphulika, zonse zimaoneka kuti n'zongokokomeza dala. Koma malo aja amene a ku Britain anachotsa, mulibe za katuni. Amawajambula ngati zochitika m'nyumba yoyandikana nayo. Mayi akumenyedwa ndi mwamuna amene amamudyera ndalama, nkhope yotupa, kulira kwenikweni. Pamenepo kuseka kunatha m'chipinda muja. Mnzanga anadzuka kukamwa madzi, sanabwerenso mpaka malowo atadutsa. Ineyo usiku umenewo nsima sinalowe.

Kudula kumasintha chiyani

Nditaonera onse atatu ndinaona kuti m'filimuyi muli nkhanza za mitundu iwiri, zoseketsa ndi zopweteka, ndipo Miike amaziika moyandikana mwadala. Amakusekesa ndi magazi a katuni, uli pakati poseka n'kukuonetsa chinthu chimene chimakuchititsa manyazi kuti unaseka. Ichi mwini wake koyambirira amaoneka akusuzumira pawindo mayi uja akumenyedwa, osachitapo kanthu, akusangalala nazo. Amene wakhala pampando kuonera filimu naye akusuzumira. Wolemba wina wa za mafilimu a ku Japan, Tom Mes, amene analemba buku la Agitator lonena za ntchito za Miike, anaikira kumbuyo filimuyi pa mfundo ngati yomweyi, kuti imadzudzula mmene timadyera nkhanza ngati chisangalalo.

Mukachotsa zopweteka n'kusiya zoseketsa, chimatsala n'chiyani? Imatsala filimu yosavuta kumeza, yoti ungaonere ukudya chiwaya, kuwomba m'manja munthu akadulidwa mwendo. Ndiye yodula ija m'njira ina ndi imene imakomeretsa nkhanza kuposa yathunthu. Ya pa memore khadi ndiye kwambiri, chifukwa nkhani inaduka, chifukwa chimene anthu akuphedwera sichimveka, chatsala ndi kudikira kuti wotsatira afa bwanji.

Koma ndisakunamizeni kuti ndagwirizana ndi Tom Mes pa zonse. A BBFC nawo ndawamvetsa. Si aliyense amene amachita manyazi pamalo pamene Miike akufuna kuti uchite manyazi. Tonse takhalapo mu vidiyo sho, tikudziwa mmene gulu la anyamata limachitira mkazi akamavutitsidwa pa sikirini: likhweru, kuseka, ndemanga zotukwana. Filimu ikhoza kukhala ndi cholinga chodzudzula, koma m'chipinda chodzaza anthu amene alipira kuti asangalale, chidzudzulocho sichifika. Komanso pakati pathu pano pali anzathu amene nkhanza za m'banja sanazionere pa TV, anaziona kunyumba. Kwa iwo palibe luso la kamera limene lingasandutse malo amenewo kukhala phunziro.

Wina anandifunsa kuti bwanji titapeza yomasuliridwa m'Chichewa, ngati mafilimu ena aja a nkhondo ndi a karate. Ine ndimawakonda omasulira athu, amatha kudzutsa filimu yogona. Koma ntchito yawo ndi kuseketsa, amaponya nthabwala paliponse pamene pali mpata. Limenelo lingakhale kope lachinayi, losiyananso ndi atatu enawa, ndipo nthabwala yoponyedwa pamwamba pa mayi amene akugwiriridwa ine sindikufuna kuimva mu holo yathu.

Misampha ina iwiri

Kwa amene mumatumiziridwa zimbale ndi abale akunja, dziwani za zigawo. Ma DVD anagawidwa m'zigawo za manambala: America ndi Canada ndi 1, Ulaya, Japan ndi South Africa ndi 2, Hong Kong ili mu 3, ife ndi mayiko ambiri a mu Africa tili mu 5. Ma Blu-ray ali ndi zilembo: A ndi ya America, Japan ndi Hong Kong, B ndi ya Ulaya ndi Africa, C ndi ya mayiko ngati China, India ndi Russia. Mapuleya ambiri otchipa a DVD amene ali m'misika yathu amawerenga chilichonse, n'chifukwa chake sitinazolowere vutoli, koma makina a Blu-ray ndi ma PlayStation amatsata chigawo cha kumene anagulidwa. Chimbale chikakhala chokhomedwa, cha ku America chimakana pa makina a ku Johannesburg. Musanauze achimwene kuti agule, onani kumbuyo kwa makina anu.

Wachiwiri ndi mayina ofanana. Pali katuni yotchedwa Ichi the Killer: Episode 0 ya 2002, ndi filimu ina yotchedwa 1-Ichi ya 2003, imene Nao Omori akuseweranso Ichi ali kusukulu, koma wokonza wake si Miike. Pamalo obenera zonsezi zimangolembedwa "Ichi". Ndipo poti ina ndi katuni, wina akhoza kuiika m'foda ya ana. Katuni imeneyo si ya ana ngakhale pang'ono. Amene muli ndi azing'ono anu amene amabwereka foni, kayang'aneni lero lomwe.

Yankho langa

Munandifunsa mafunso awiri, ngakhale munkaona ngati ndi limodzi. Loyamba: kope labwino ndi liti? Kwa munthu wamkulu, wopitirira zaka 18, amene wauzidwa bwinobwino zimene zili m'katimo ndipo wasankha yekha, labwino ndi Blu-ray ya 2018. Ndi yathunthu, ndi yooneka bwino, ndi imene mwini wake anavomereza. Ukaitsutsa ukutsutsa chimene Miike anapanga, ukaiyamikira chimodzimodzi. DVD ya ku Britain ikubwera pambuyo, uzingodziwa kuti ikuthamanga pang'ono ndipo mbali imodzi ya nkhani anaichepetsa. Ya pa memore khadi ndi yomaliza pa chilichonse.

Lachiwiri: kodi yodula ija tingaionetse pa usiku wathu? A tcheyamani, yankho langa ndi ayi. Kumbukirani kuti makope awiri odula amene ndinaonera aja, kumene anachokera, ndi a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Ku Hong Kong atachotsa kota ya ola anaisiyabe mu Category III. Ku Britain atadula anaipatsabe 18. Ife pakhomo paja sitifunsa zaka. Amabwera ana a pulayimale atagwira ndalama ya m'manja, amabwera atsikana omwewo amene tikufuna kuwagulira yunifomu. Makolo amatilola kugwiritsa ntchito holo ino chifukwa amatikhulupirira, ndipo mwana mmodzi yekha akakafotokoza kunyumba za ngowe ndi mafuta otentha, chikhulupiriro chimenecho chatha, holo nayo yapita.

Palinso za malamulo. Kuno kwathu tili ndi Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo kuonetsa filimu pagulu molipiritsa ndi nkhani imene lamulolo limaikhudza. Zimbale zogula m'sitolo nazo zimayamba ndi chenjezo lakuti n'zoonera kunyumba. Izi zikukhudza filimu iliyonse imene tingasankhe, ndiye ndikupempha a patroni atithandize kufunsa njira yoyenera tisanamate mapositala. Safunsa anadya phula.

Kwa mnzanga amene unabweretsa ganizoli, usaone ngati ndakuyalutsa, aise. Iwe unauzidwa kuti ndi yodula, ndipo ndi yoduladi. Ine ndemwe ndisanakhale pansi ndi wotchi ndinkaganiza kuti yodula ndiye kuti yoyera. Cholinga chako chinali choti holo idzaze, ndipo cholinga chimenecho tonse tili nacho.

Chimene ndikupempha n'chakuti filimu iliyonse imene tidzasankhe, anthu awiri a komiti, mnyamata ndi mtsikana, aionere yonse kaye, kope lomwelo limene tidzaonetse, osati lina la dzina lofanana. Aone kutalika kwake n'kuyerekeza ndi kwa yathunthu, osaiwala masamu a 24 ndi 25 aja. Aone chizindikiro cha zaka ndi dziko limene chachokera. Amvetsere ngati nyimbo ikudukiza kapena chithunzi chikulumpha. Aiponye pakhoma masana, aone ngati nkhope zikudziwika. Ndi ntchito ya madzulo amodzi basi.

Ndipo ngati mtima uli pa Japan, amalume aja m'katoni mwawo muli mafilimu a Studio Ghibli, kuphatikizapo Spirited Away ya Hayao Miyazaki, imene inatuluka chaka chomwecho cha 2001 ndipo inapata Oscar. Ndingabwere nayo Lachitatu kuti awiri amene musankhe ayambe ndi imeneyo. DVD ya amalume ndikabweza mawa, ndipo mnzanga wa memore khadi, tionane tikatuluka ndikupatse khadi yako.